Chipeso cha Mano Asanu

Ine ndine wolemba zikwangwani. Mukamadutsa pa Chinyunyu n'kuona botolo la mafuta ophikira lalitali ngati munthu pakhoma la golosale, kapena nsomba yoseka pamalo odyera, dziwani kuti dzanja limenelo ndi la Sakala. Zaka makumi atatu ndakhala ndikununkha penti, ndipo ulendo wautali umene ndinkaudziwa unali wa kwathu ku Katete, nawonso wa kumaliro. Ndiye tsiku limene mwana wanga Esinati anandiimbira foni kuti ndipite ku Livingstone, ndinayamba ndafunsa ngati kwagwa zovuta.

"Kulibe zovuta, Atate. Loweruka tikutsegula chionetsero cha zojambula, faifi koloko madzulo. Khoma limodzi ndi langa. Ndifuna mubwere."

Ine ndi Esinati tinali titatha zaka zitatu osalankhulana bwinobwino, ndipo wolakwa ndinali ine, ndisaname. Atamaliza sukulu ndinkafuna akaphunzire unamwino, iye n'kusankha zojambula ku Lusaka. Ndinamuuza pamaso pa amake kuti penti sidyetsa munthu, angoyang'ana nsapato zanga, ndipo akapita asadzabwere kudzandionetsa zibwana zakezo. Anapitadi, ndipo sanandionetse kanthu. Pa Khirisimasi ankabwera, muli bwanji, ndili bwino, basi nkhani yathera pomwepo.

"Zojambula zake zotani?" ndinafunsa.

"Amati popu ati. Timajambula zinthu wamba, sopo, mabotolo, mabasi, koma zikuluzikulu, zamitundu yowala."

"Aa, ndiye ntchito yanga imeneyo! Kungoti ine sandiitanira anthu a masuti."

Anaseka. Kuseka kumeneko ndinali nditakusowa.

"Mubwere ndi chikwangwani cha babashopu chija," anatero. "Koma Atate, mverani bwino. Chibwere momwe chilili. Osachigwira ndi burashi."

Chikwangwanicho ndinachijambula Esinati ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pali mitu itatu yoonetsa kametedwe: tebulo kati kumanzere, Ingilishi kati pakati, mpala kumanja. Wometa uja atasamukira ku Chongwe anandisiyira, ndipo kwa zaka zambiri chinali chitseko cha khola la nkhuku. Dzuwa linachidya, mvula inachidya, mitu ija n'kutuwa ngati ya anthu odwala. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri chinali pansi kumanja: chipeso chofiira, chokhota, cha mano asanu okha. Anachijambula ndi Esinati yemweyo, tsiku lina nditasiya burashi pachitini n'kupita kukamwa madzi. Dzina langa linali pamwamba penipeni pa chipeso chimenecho.

Amake Esinati sakanatha kusiya tomato wawo pamsewu masiku atatu, choncho anatsala. Anandithandiza kuzula chikwangwanicho, tinatseka khola ndi lata, n'kuchikulunga m'chitenje. Kenako anatsegula chikwama changa ngati wapolisi, n'kutulutsamo tizitini tinayi ta penti ndi maburashi awiri.

"Izi zikukatani?"

"Munthu sayenda opanda zida zake."

"Mwana wakuitanani patatha zaka zitatu. Musakaononge, atate ake Esinati."

Atapita kukandimangira mbatata zophika, ndinabwezera zonse m'chikwama, pansi pa jekete la ku tchalitchi.

Lachisanu m'mawa ndinaima pamsewu waukulu. Minibasi zitatu zinaima, kuyang'ana katundu wanga, n'kunyamuka. Yachinayi kondakitala wake anatsika.

"Ba mudala, ivi ni vichani? Chitseko?"

"Ndi chithunzi."

"Chithunzi chizalipila mpando wake."

Tinakangana mpaka dalaivala anatopa ndi kuimba hutala. Tinagwirizana theka la mtengo wa munthu, chikwangwani n'kuima kumbuyo kwa mpando womaliza, ine nditapinda khosi ngati nkhuku yonyowa. Pa rodibuloko ya kufupi ndi Chongwe wapolisi anafuna kuona chimene chili m'chitenje. Anasuzumira, n'kuitana mnzake, onse awiri n'kufa nazo nseko. Akuti wa mpala uja ankafanana ndi bwana wawo. Pa Chongwe penipeni tinakhala pafupifupi ola lathunthu kudikira anthu anayi, dalaivala akuliza injini kuti odutsa aziganiza kuti tikunyamuka.

Ku Lusaka ndinagona kwa mlamu wanga ku Mtendere. Nayenso anati aone. Anaona, n'kugwira pakamwa.

"Mulamu, kuja kumapita anthu ophunzira. Mufuna kukamuchititsa manyazi mwana?"

Mawu amenewo ndinanyamuka nawo.

Loweruka m'mawa, basi ya ku Livingstone ya sikisi koloko inanyamuka hafu pasiti seveni. Poyamba tinkadikira katundu, kenako tinkadikira mwini katunduyo, kenako munalowa mlaliki amene anatipempherera mpaka matayala. Pemphero la matayala ndinaliyankha ameni wamphamvu, sindinadziwe kuti akanayenera kupempherera mapaipi. Chikwangwani chinalowa kubuti, pakati pa matumba a nsomba za kapenta ndi mabelo a salaula, zovala zakaunjika zija, ine nditaimirira pomwepo kuti asachigoneke pansi.

Mabelo aja anali a mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi, Bana Mwape, wogulitsa salaula ku Livingstone. Mayi wathupi, wamawu ngati belu, wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Tisanafike pa Kafue anali atandiuza kale za mpongozi wake, za shuga wake ndi za mtengo wa majekete. Pa Kafue anagula nthochi pawindo n'kundigawira ziwiri. Tinakwera mapiri a Munali basi ikubuula, tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, pa Monze anatipatsa mphindi khumi za kuchimbudzi zimene zinasanduka makumi atatu chifukwa bambo wina anakagula nkhuku yamoyo.

Titangodutsa Pemba ndinamva fungo la labala wopsa. Kumbuyo anthu anayamba kukuwa kuti utsi, utsi! Dalaivala anapatukira pambali, anatsika, anazungulira, n'kubwerera akupukuta manja.

"Paipi ya manzi yaphulika. Makanika azachoka ku Choma. Manje manje tizapita."

Amene anayendapo pa basi amadziwa kutalika kwa manje manje. Tinatsika tonse n'kukakhala pansi pa mitengo. Nthawi inali itangokwana thwelofu koloko. Sindikudziwa kuti uthenga unayenda bwanji, koma posakhalitsa kunatulukira amayi achitonga a m'midzi yapafupi ndi zigubu za chibwantu, chakumwa chawo cha chimanga, ndi mtedza wophika. Pamsewu panasanduka msika. Ndinamwa makapu awiri, ndipo ndikuuzeni, Atonga chakumwa chimenechi amachidziwa.

Bokosi la masipanala linali mkati mwenimweni mwa buti, choncho anatsitsa katundu yense. Chikwangwani changa anachitsamiritsa pamtengo, mphepo n'kuvundukula chitenje. Anthu osowa chochita ndi oopsa. Mphindi imodzi yokha anali atachizungulira.

"Ba Sakala!" anakuwa Bana Mwape. "Ndiye ichi chamene mupeleka ku chionetselo? Mayo ine! Chinunkha na nkhuku!"

Bambo wa suti yotuwa, amene ankayankhula pafoni ulendo wonse, anati kwawo zoterezi amasonkhera moto. Anthu anaseka. Bana Mwape anawerama n'kuloza pansi kumanja.

"Nanga ichi ni chani? Leki yokokolela zinyalala?"

"Ndi chipeso," ndinatero.

"Chipeso cha meno asanu? Chopesela ndani, nkhumba?"

Ndinapsa mtima, koma chimene chinandiwawa n'chakuti sankanama. Ndinachiyang'ana ndi maso a anthu aja ndipo ndinachita manyazi mpaka m'mafupa. Ndinaona m'maganizo anthu a masuti ataima patsogolo pake, akuwerenga dzina langa, kenako n'kutembenukira kwa Esinati kuti, kodi bambo ako ndi amenewa?

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali iyeyo.

"Mwafika pati, Atate?"

Ndinamufotokozera za paipi. Anausa moyo, n'kunena kuti ngakhale ndichedwe andidikira.

"Chikwangwani chili bwino?"

"Chili bwino."

Nditadula foni ndinayamba kudziweruza mlandu ndekha, ndipo mukudziwa kuti munthu akamadziweruza yekha sagonja. Ndinati mwanayu ananena zija chifukwa cha ulemu, sanafune kundivutitsa. Ndinati munthu sapita ku ukwati ndi zovala za kumunda. Ndinati nthawi ilipo, dzuwa lilipo, penti ilipo. Ndinavula malaya oyera, n'kupempha madzi kwa mayi wa chibwantu, n'kutsuka chikwangwani chonse. Chitauma ndinatsegula tizitini tanga pamwala.

"Eya, apo manje mwaganiza," anatero Bana Mwape. "Yambani na chipeso ico. Futani."

Kunena zoona, chipesocho ndi chimene ndinkafunitsitsa kufuta. Koma ntchito yathu ili ndi lamulo lake. Umayambira pamwamba kumanzere, kumatsika, kumapita kumanja, kuti mkono usakhule pamene wapaka kale, ndiponso penti ikadontha idonthere pamene sunafike. Mkulu amene anandiphunzitsa ku Chipata ankamenya zala ndi rula ukangodumpha. Anamwalira kalekale, koma dzanja langa limamuopabe.

"Amai," ndinatero, "belo la salaula mumatsegulira pansi?"

"Awe."

"Ndiye ndisiyeni. Chipeso chili kumapeto, tichipeza."

Ndinayamba ndi tebulo kati. Abale, ntchito ija inakoma! Tsitsi lakuda bii, lathyathyathya pamwamba, nkhope yofiirira, diso loyera, kumbuyo kwake mtundu wa buluu wowala. Anthu amene ankaseka aja anayandikira kuti aone bwino. Mayi wa chibwantu anasiya kugulitsa. Wa suti yotuwa anayamba kundijambula ndi foni yake. Wina anafunsa ngati ndingakamulembere shopu ku Kalomo. Ndinaiwala basi, ndinaiwala njala, ndinaiwala ngakhale mawu a mwana wanga. Makanika anafika panjinga yamoto ine osamuona.

Mutu woyamba unatha. Ndinalowa wachiwiri, Ingilishi kati, ndipo ndinali nditafika pamphuno, theka la nkhope latsopano theka lakale, pamene injini inabangula. Hutala! Anthu anathamangira kukalowa.

"Mphindi makumi awiri chabe!" ndinakuwa.

"Ba mudala, ngati mufuna kutsala, muzabwela na ya mailo," anayankha dalaivala, kutanthauza basi ya mawa lake.

Ndinatseka tizitini ndikutukwana makanika mumtima chifukwa chofulumira. Apa panabuka vuto lina. Penti ya mafuta siuma ndi ola limodzi, ndipo kondakitala anakana kuti chinthu chonyowa chilowe kubuti ndi katundu wa anthu. Amene anandipulumutsa ndi Bana Mwape. Anaima pakhomo la basi manja m'chiuno n'kunena kuti chikwangwani chikatsala nayenso atsala, ndipo mabelo ake onse awatsitsenso. Kondakitala anayang'ana mabelo aja n'kugonja. Tinachiimika pakanjira kumbuyo, ine nditagwira mbali iyi, Bana Mwape mbali inayo, mawindo onse otsegula chifukwa cha fungo.

Choma tinadutsa chomwecho. Manja anayamba dzanzi. Basi ikagunda bampu tonse tinkakuwa limodzi. Pamene anthu anayamba kuwodzera, ndi pamene mutu wanga unayamba kuzizira, ndipo ndinamva mawu aja bwinobwino ngati akunenedwa kumene. Osachigwira ndi burashi.

"Mwakhala zii, ba Sakala," anatero Bana Mwape tikuyandikira Kalomo.

Ndinamuuza zonse. Za unamwino, za nsapato, za zaka zitatu, za foni ija.

"Kansi mwana anakuuzani kuti musagwile? Iyee, ba Sakala! Nanga simunakambe bwanji? Ine kamwa yanga iyi izanipaisa tsiku lina." Anapukusa mutu. "Koma imwe bamuna! Mwana akupemphani chinthu chimozi chabe."

Tinadutsa Kalomo, tinadutsa Zimba. Ndinkaopa, ndinene poyera. Sindinkaopanso anthu a masuti. Ndinkaopa kuti mwana wanga wanditsegulira khomo, ine ndikukalowa ndi umboni m'manja wakuti mpaka lero sindimumvera.

Tinafika ku Livingstone faifi koloko itapitirira kale. Mathithi otchuka aja ndinangomva kuti ali chakumeneko. Bana Mwape anaitana mphwake wa kagalimoto kotsegula kumbuyo, amene anabwera kudzatenga mabelo, n'kulamula kuti ayambe wakatula ine. Pachitenje cha Bana Mwape panali chizindikiro cha penti ya buluu chachikulu ngati dzanja. Anati sachichapa mpaka nditamuuza mmene zathera.

Nyumba yoonetsera zojambulayo inali yoyera mkati ngati chipatala, anthu ali thithithi, matambula m'manja. Ndinalowa cham'mbali, nditanyamula chikwangwani, chitenje ndikuchigwira motalikitsa kuti chisamatire. Pakhoma loyamba panali sopo wochapira wamkulu ngati chitseko, wapinki. Kenako minibasi zinayi zofanana, iliyonse mtundu wake. Kenako chidendene cha mayi mu patapata wachikasu. Ndinaima pang'ono, chifukwa mizere yake inali yoongoka bwino, ndipo ndinadziuza kuti ana awa burashi amaidziwa.

Nditakhota, ndinaona khoma la Esinati.

Zipeso. Zipeso zisanu ndi zitatu, chilichonse chachikulu kuposa ine, chobiriwira, chachikasu, chapinki, chofiira. Chilichonse chokhota. Chilichonse cha mano asanu. Pakati pa zonsezo panali malo opanda kanthu, ndi misomali iwiri ikudikira.

"Atate!"

Anabwera akuthamanga, atavala diresi lakuda, n'kugwada pang'ono monga anaphunzitsidwira. Asanadzuke n'komwe ndinaona mphuno yake ikugwira ntchito. Mwana wa wopenta sungamubisire penti yaiwisi. Nkhope yake inasintha. Anachotsa chitenje pang'onopang'ono, ndipo sanayang'ane tebulo kati wanga wonyezimira uja ngakhale pang'ono. Maso ake anathamangira pansi kumanja.

Chipeso chinalipo, chotuwa, chokhota, monga kale.

Anatulutsa mpweya wautali, n'kukhala pansi pomwepo pa simenti, ndi diresi lake labwinolo.

"Munafuna kuchifuta," anatero. Sikunali kufunsa.

"Makanika akanachedwa theka la ola, chikanapita. Ndalakwa, mwana wanga. Unandiuza, ine sindinamve. Ndinachita manyazi ndi ntchito yanga."

"Mutu uwu mwauononga, Atate. Unali bwino uli wotuwa."

"Anthu a m'basi anaukonda."

"Anthu a m'basi!" Anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera, misozi ili m'maso. Kenako analoza chipeso chija. "Mukukumbukira tsiku limene ndinachijambula?"

"Ndikukumbuka kuti ndinakalipa."

"Munakalipa, inde. Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba. Kenako munandiitana. Munatenga kaburashi kakang'ono, munakaviika mu penti yoyera, n'kujambula kamzere aka pamsana pake kuti chiziwala. Munati, manje chakhala chipeso, ndipo wometa akadandaula adzayankhula ndi ine."

Ndinawerama. Kamzere kanalipodi, kochepa ngati ulusi, koyera motuwa. Dzanja langa ndimalidziwa, kanali kanga. Zaka zonsezi ndinkaona mano asanu okha. Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana khoma lija kachiwiri, ndipo pa chipeso chilichonse, chobiriwira, chachikasu, chapinki, panali mzere woyera womwewo, pamalo omwewo, wautali ngati mkono wanga.

Ine si munthu wolira pagulu. Tsiku limenelo ndinapukuta maso ndi chitenje chonunkha nkhuku, ndipo sindinasamale kuti akundiona ndani.

Mayi woyang'anira nyumbayo anabwera, anayang'ana mutu watsopano, watheka ndi wakale, n'kunena kuti chipachikidwe chomwecho. Tinachikweza awiri, ine ndi Esinati, pamisomali ija. Pambali pake panali kapepala kolembedwa kale ndi makina, mayina awiri, lake ndi langa. Bambo wina wa magalasi anaima nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti nkhope yatheka ija ikutanthauza chiyani. Ndinamuuza kuti ikutanthauza kuti basi inakonzedwa.

Esinati anandibweretsera mpando ndi tambula ya juwisi, koma sindinakhale. Ndinali ndi ntchito. Anthu a ku Livingstone ali ngati a ku Chinyunyu, akaona chinthu chowala amafuna kuchigwira. Choncho ndinavala jekete langa la ku tchalitchi, ndinaima pambali pa khoma la mwana wanga mpaka mlendo womaliza atatuluka, ndipo aliyense wotambasula dzanja ndinkamuuza mwaulemu kuti, "Pepani, osagwira. Penti sinaume."